Memori Imene Imadyedwa Pofutukula Data: Mafunso ndi Mayankho

Amene anaonapo belo la kaunjika likudulidwa mawaya pamsika amadziwa zimene zimachitika. Katundu amene anyamata awiri amamukunkhuniza mosavuta amafufuma nthawi yomweyo, zovala n'kudzaza mphasa yonse mpaka zina kugwera m'fumbi. Wogulitsa wodziwa ntchito amayamba wayala malo asanadule waya. Data yopanikizidwa imachitanso chimodzimodzi m'kompyuta. Fayilo ya zip, tsamba la pa intaneti lobwera litapanikizidwa ndi gzip, chithunzi cha PNG, pulogalamu imene mwangoiika pafoni, zonsezi zimayenera kufutukulidwa, ndipo mphasa yake ndi memori. Olemba mapulogalamu ambiri amayeza liwiro la ntchitoyi, koma memori saiyeza mpaka tsiku limene seva yagwa. Mafunso otsatirawa ndi a munthu amene akufuna kuyamba kuiyeza tsikulo lisanafike.

Kodi kufutukula data kumafuniranji memori? Si kungowerenga fayilo basi?

Ayi. Njira zambiri zopanikizira data zimene tikugwiritsa ntchito lero zinachokera ku nzeru imene Abraham Lempel ndi Jacob Ziv anafalitsa mu 1977, yotchedwa LZ77. Wopanikiza akakumana ndi mawu amene anadutsa kale, sawalembanso. Amangoika chizindikiro chouza wofutukula kuti abwerere m'mbuyo mabayiti akutiakuti, akakopere pamenepo. Choncho wofutukula ayenera kusunga zimene wangotulutsa kumene, kuti akatumidwa m'mbuyo akazipeze zilipo. Malo osungira zimenezi amatchedwa window.

Kukula kwa window kumasiyana kwambiri. DEFLATE, njira ya Phil Katz imene ili mkati mwa zip, gzip ndi PNG, siyang'ana m'mbuyo kupitirira 32 KB. N'chifukwa chake zlib, laibulale imene Jean-loup Gailly ndi Mark Adler anatulutsa mu 1995, imafutukula ndi memori ya pafupifupi 40 KB yokha: 32 KB ya window, ndi ina pafupifupi 7 KB ya tinthu tina monga matebulo a Huffman. Window ya Brotli, ya ku Google, imafika pafupifupi 16 MB. Fayilo ya xz yopanikizidwa pa mlingo wa masiku onse, wa 6, imafuna 9 MB pofutukula, koma ya pa mlingo wa 9 imafuna 65 MB. Zstandard, imene Yann Collet anaitulutsa mu 2016 ali ku Facebook, imalola window yaikulu kuposa pamenepa, moti pulogalamu ya zstd imakana kufutukula fayilo yofuna memori yoposa 128 MB pokhapokha mutailamula kuti ipitirire.

Apa pali mfundo imene ambiri amaidumpha. Wosankha kukula kwa window ndi wopanikiza, koma wolipira ndi wofutukula. Munthu wa kompyuta yamphamvu akhoza kukweza mlingo kuti fayilo ichepeko pang'ono, iye n'kumaona ngati wathandiza anthu kusamala bandulo. Sakudziwa kuti foni ya RAM ya 1 GB imene ilandire fayiloyo iyenera kupeza malo a 65 MB nthawi imodzi, ndipo ikasowa, Android imatseka mapulogalamu ena kapena imeneyo yomwe. Mafoni otere ndi ochuluka kwathu kuno, choncho nkhaniyi si ya kutali.

Ndimamva mawu oti allocation. Ndi chiyani, ndipo tikuyeza chiyani kwenikweni?

Allocation ndi pempho lililonse limene pulogalamu imapanga pofuna malo atsopano mu memori. Mu C mumapempha nokha ndi malloc, n'kubweza nokha ndi free. Mu Go, Java, C# ndi zinenero zina zotere muli wantchito wotchedwa garbage collector amene amayenda m'mbuyo mwanu kutolera malo amene mwasiya kugwiritsa ntchito. Kulikonseko pempho lili ndi mtengo wake, ndipo kutolerako kumadyanso nthawi ya CPU.

Pali manambala atatu, ndipo sanena chinthu chimodzi. Yoyamba ndi kuchuluka kwa mapempho pa ntchito imodzi. Yachiwiri ndi mabayiti onse amene apemphedwa pa ntchitoyo, kuphatikizapo amene abwezedwa kale. Yachitatu ndi pachimake, kutanthauza memori yochuluka kwambiri imene pulogalamu inagwira pa nthawi imodzi.

Tengani mayi wogulitsa ufa. Akhoza kubwereka beseni kwa mnzake maulendo 100 pa tsiku, kulibweza ulendo uliwonse. Sanagwirepo mabeseni awiri nthawi imodzi, koma tsiku lathera m'njira. Wina abwereka mabeseni 50 kamodzi m'mawa. Ulendo wake ndi umodzi, koma msika wonse wasowa mabeseni. Woyambayo ali ndi vuto la kuchuluka kwa mapempho, limene limachedwetsa ntchito. Wachiwiriyo ali ndi vuto la pachimake, limene limapha pulogalamu, chifukwa memori ikatheratu pa Linux, OOM killer imasankha pulogalamu imodzi n'kuitseka osafunsa. Mukayeza nambala imodzi yokha, vuto linalo simuliona.

Nanga zida zoyezera n'ziti?

Zimadalira chinenero. Mu Go n'zosavuta kwambiri: mukalemba go test -bench . -benchmem mumalandira B/op, mabayiti opemphedwa pa ntchito imodzi, ndi allocs/op, kuchuluka kwa mapempho. Mu Java, JMH ikayendetsedwa ndi -prof gc imapereka gc.alloc.rate.norm, yomwenso ndi mabayiti pa ntchito imodzi. Mu .NET muli BenchmarkDotNet ndi MemoryDiagnoser yake. Python ili ndi tracemalloc kuyambira pa 3.4. Kwa C, C++ ndi Rust kuli Massif ndi DHAT za mu Valgrind, komanso heaptrack, zimene zimaonetsa ngakhale mzere wa code umene pempho linachokera. Ndipo pa Linux, /usr/bin/time -v imakuuzani pachimake pa memori ya pulogalamu yonse.

Chenjezo limodzi. Zida za chinenero kawirikawiri zimangoona mapempho odutsa m'manja mwa chinenerocho. Pulogalamu ya Java yogwiritsa ntchito Inflater imaitana zlib ya C pansi pake, ndipo memori imene zlib yatenga sioneka mu heap ya Java. Chimodzimodzi pulogalamu ya Go yoitana laibulale ya C kudzera mu cgo. Pamenepo chida chikhoza kukuuzani kuti zonse zili bwino memori ikutha ndithu. Muziyezanso kuchokera kunja, monga momwe opareting'i sisitimu ikuionera pulogalamuyo.

Bwanji osangoyeza nthawi? Ngati pulogalamu ikuthamanga bwino, vuto lili pati?

Nthawi ndi yofunika, koma ndi sikelo yogwedezeka. Yendetsani benchmark imodzimodzi kakhumi pa kompyuta imodzimodzi, mupeza manambala khumi osiyana. CPU ikatentha imadzichepetsera liwiro. Pulogalamu ina ikadzuka kumbuyo imalanda nawo mphamvu. Pa maseva obwereka a mu cloud mumagawana makina ndi anthu amene simukuwaona. Mu 2009, Todd Mytkowicz ndi anzake anafalitsa kafukufuku wosonyeza kuti zinthu zooneka ngati zosakhudzana ndi liwiro, monga kukula kwa ma environment variable kapena ndondomeko imene mafayilo alumikizidwira popanga pulogalamu, zimasintha zotsatira mokwanira kuti munthu anene kuti code yake yatsopano ndi yachangu pamene siili choncho.

Kuchuluka kwa ma allocation sikugwedezeka chotere. Ngati kufutukula fayilo inayake kunapempha memori ka 12 dzulo, lero kupemphanso ka 12, kaya kompyuta yatentha kaya ili pansi pa fani, malinga ngati code ndi compiler sizinasinthe. Ikadzakhala 14, ndiye kuti china chake chasinthadi, ndipo palibe chokanganira. Ichi ndicho chifukwa chachikulu chimene ine ndimalimbikitsira kuti aliyense ayambire pa nambala imeneyi. Magulu akuluakulu amatsata nzeru yomweyi ya kuwerenga m'malo motchera wotchi. A SQLite amagwiritsa ntchito Cachegrind poyeza ntchito ya CPU kuti aone ngakhale kusintha kochepetsetsa, ndipo opanga compiler ya Rust amayang'ana kwambiri kuchuluka kwa ma instruction, pambali pa pachimake pa memori.

Pali chinanso. Benchmark yaing'ono imabisa mtengo weniweni wa ma allocation. Pa kompyuta yanu, decoder (chofutukulira data) imodzi ya 40 KB si kanthu. Koma seva yolandira mapempho 1,000 pa sekondi, n'kumapangira lililonse decoder yatsopano, ikutaya 40 MB pa sekondi m'manja mwa garbage collector. Kuchedwako kudzaonekera kwa makasitomala pa nthawi ya chipwirikiti, pamene wotchi ya benchmark yanu inali itanena kuti zonse zili bwino.

Ndiyeze ndi data yotani?

Apa ndi pamene ma benchmark ambiri amasokonekera. Fayilo yodzaza ndi ziro imapanikizika modabwitsa, koma imangoyendetsa kanjira kamodzi ka decoder. Data yachisawawa, yopangidwa ndi random, sipanikizika n'komwe, moti DEFLATE imangoisunga momwe ilili ndipo wofutukula amangokopera. Zonse ziwirizi zimapereka manambala okoma amene sakufanana ndi ntchito yeniyeni.

Alipo magulu a mafayilo amene anthu amagwiritsa ntchito poyerekeza njira zopanikizira, monga Canterbury corpus ya mu 1997 ndi Silesia corpus ya mu 2003, imene ili ndi mabuku, ma database, zithunzi za chipatala ndi mapulogalamu. Ndi abwino mukafuna kuyerekeza zotsatira zanu ndi za ena. Koma choposa zonse ndi data yofanana ndi imene pulogalamu yanu imakumana nayo tsiku ndi tsiku, mutachotsamo mayina ndi zinsinsi za anthu. Ndipo musayeze kukula kumodzi kokha. Tengani fayilo ya 1 KB, ya 1 MB ndi ya 100 MB. Pa yaing'ono mumaona mtengo woyambitsira decoder. Pa yaikulu mumaona ngati memori ikukula limodzi ndi fayilo, chimene ndi chizindikiro chakuti penapake code ikusunga zonse m'malo mozidutsitsa pang'onopang'ono.

Samalaninso kuti kukonzekera kusalowe m'muyezo. Ngati benchmark ikuyamba ndi kupanikiza data kenako n'kuifutukula, ndipo zonse zikuwerengedwa pamodzi, ndiye kuti mukuyeza ntchito ziwiri. Kupanikiza kumadya memori yambiri kuposa kufutukula: zlib imafuna pafupifupi 256 KB popanikiza, ndipo xz pa mlingo wa 9 imafuna yoposa 600 MB. Mu Go, ResetTimer imafufuta nthawi ndi ma allocation a kukonzekerako. Onetsetsaninso kuti zotuluka zikuwerengedwa mpaka kumapeto, chifukwa ma decoder ambiri sagwira ntchito mpaka wina atawapempha mabayiti.

Kodi ma allocation osafunika amachokera kuti kawirikawiri?

Malo oyamba ndi kupanga decoder yatsopano pa uthenga uliwonse. Malaibulale abwino amapereka njira yoigwiritsanso ntchito: inflateReset mu zlib, Reset pa gzip.Reader mu Go, ZSTD_DCtx imodzi yogwira ntchito kambirimbiri mu Zstandard. Malo achiwiri ndi buffer yokula pang'onopang'ono. Code ikapanda kudziwa kukula kwa zotuluka, imayamba ndi malo ochepa, akadzaza n'kupempha aakulu, kukopera zonse, n'kutaya akale. Pa nthawi yokoperayo buffer yakale ndi yatsopano zonse zili mu memori, choncho pachimake pamapitirira kukula kwa fayilo yeniyeniyo. Malo achitatu ndi kukopera kobisika, monga kusandutsa mabayiti kukhala string kenako n'kuwabwezanso.

Ndiye si bwino kungofunsa fayilo kukula kwake n'kupempha malo onse kamodzi?

N'zothandiza, koma fayilo musaikhulupirire. Gzip imalemba kukula kwa data yoyambirira m'mabayiti 4 omalizira, ndipo nambalayo imabwerera pa ziro ikafika 4 GB, moti pa mafayilo aakulu si yoona. Zstandard imatha kulemba kukulako kumayambiriro, koma sikuti nthawi zonse kumakhalapo. Choopsa kwambiri n'chakuti wopanga fayilo akhoza kulembapo nambala iliyonse imene wafuna.

Zip bomb imagwira ntchito pa kukhulupirira kotereku. DEFLATE imatha kupanikiza data mpaka pafupifupi ka 1,032 pa 1. Fayilo yotchuka ya 42.zip ndi ya 42 KB yokha, koma ili ndi ma zip mkati mwa ma zip, ndipo ikafutukulidwa yonse imafika pafupifupi 4.5 petabyte. Mu 2019, David Fifield anasonyeza njira yosafuna n'komwe kuika zip mkati mwa inzake, imene fayilo ya 10 MB imatulutsa 281 TB. Choncho pakati pa mayeso anu payenera kukhala fayilo yoipa mwadala, ndipo chimene mukuyeza pamenepo n'chakuti pulogalamu ikukana msanga memori isanakwere. Ikani malire a zotuluka, ndipo muwayese kuti akugwiradi ntchito.

Tsono regression timaigwira bwanji isanafike kwa anthu?

Regression ndi pamene kusintha kwatsopano kwabweza pulogalamu m'mbuyo, yayamba kuchedwa kapena kudya memori kuposa kale. Kuti muidziwe pamafunika manambala akale oti muyerekeze nawo. Sungani zotsatira za code imene ili bwino, ndipo kusintha kulikonse kuyezedwe ndi makina a CI kusanalandiridwe.

Ma allocation ndi nthawi musaziweruze mofanana. Pa ma allocation mukhoza kuuma mtima: mayeso alephere nambala ikangokwera. Mu Go, testing.AllocsPerRun imakulolani kulemba mayeso wamba onena kuti kufutukula uthenga ndi decoder yogwiritsidwanso ntchito kusapitirire mapempho akutiakuti. Wofuna kukweza nambalayo ayenera kusintha mayesowo poyera ndi kufotokoza chifukwa chake. Pa nthawi pamafunika kuleza. Yendetsani code yakale ndi yatsopano kakhumi kapena kuposa, pa makina amodzimodzi, kenako chida chonga benchstat chikuuzeni ngati kusiyanako kuli kwenikweni kapena ndi kugwedezeka chabe. Mayeso olephera popanda chifukwa ndi oipa kwambiri, chifukwa pakangopita milungu yochepa anthu amazolowera kuwanyalanyaza, ndipo tsiku limene anena zoona palibe amene amamva.

Pali regression ina imene malire sangaigwire, yolowa pang'onopang'ono ngati chiswe m'denga. Mukaika malire a 5 peresenti, kusintha kokweza memori ndi 2 peresenti kumadutsa. Kukachitika kamodzi mwezi uliwonse, pakutha pa chaka memori yakwera ndi pafupifupi 27 peresenti popanda chenjezo ngakhale limodzi. Mankhwala ake ndi kusunga mbiri yonse ya manambala n'kumaijambula pa girafu, kuti muziyerekeza ndi miyezi sikisi yapitayo osati dzulo lokha.

Mukazindikira mochedwa, git bisect imathandiza kupeza commit yolakwa. Imadula mndandanda pakati mobwerezabwereza, moti pa ma commit 1,000 mumangoyesa pafupifupi 10. Apanso nambala yosagwedezeka ndiyo imapulumutsa, chifukwa bisect imafuna yankho lomveka, kuti apa pali bwino kapena payipa. Ndipo musaiwale kuti wolakwa sakhala code yanu nthawi zonse. Kukweza laibulale yopanikizira kapena compiler kumasinthanso manambala, choncho kuzidutsa pa mayeso omwewo.

Kodi ma allocation ochepa ndiwo abwino nthawi zonse?

Ayi. Mukasunga ma decoder mu pool kuti muziwagwiritsanso ntchito, allocs/op imatsika, koma memori imene agwira sibwezedwa msanga. Buffer imene inakula pofutukula fayilo imodzi yaikulu ikabwerera mu pool, imakhalabe yaikulu ngakhale mauthenga otsatira ali ang'onoang'ono. Pa seva ya memori yambiri zimenezi zikhoza kukhala zoyenera. Pa foni kapena pa kachipangizo kakang'ono, pachimake ndiye nambala yolamula, ndipo kufutukula pang'onopang'ono ndi buffer yaing'ono n'kwabwino ngakhale kutachedwako. Yambani mwadziwa kumene pulogalamu yanu ikakhale, ndipo muiyese pa chipangizo chofooka kwambiri chimene anthu anu ali nacho.

Kusintha kukakhala kochepa, kodi n'koyenera kutayirapo nthawi?

Nkhani ya xz ndiyo imayankha bwino. Mu Marichi 2024, Andres Freund, injiniya wa ku Microsoft amenenso ndi mmodzi mwa olemba PostgreSQL, ankayeza liwiro pa makina a Debian ya mtundu woyeserera. Anaona kuti sshd, pulogalamu yolowera pa seva uli kutali, ikudya CPU mosayenera, ndipo kulowa kukuchedwa ndi pafupifupi theka la sekondi. Analinso ataona madandaulo achilendo ochokera ku Valgrind. Ambiri akanangoti makina atopa. Iye anatsatira mpaka anafika mu liblzma, laibulale ya xz, m'mene anapeza khomo lachinsinsi limene munthu wina anabisa m'matembenuzidwe a 5.6.0 ndi 5.6.1, atatha zaka zoposa ziwiri akuthandiza pa ntchitoyo kuti akhulupiriridwe. Freund analengeza zimenezi pa 29 Marichi 2024, ndipo vutoli linapatsidwa nambala ya CVE-2024-3094. Panthawiyo code yoipayo inali isanalowe m'matembenuzidwe okhazikika a Debian, Ubuntu kapena Red Hat Enterprise Linux, amene amayendetsa maseva ochuluka padziko lonse.

Chimene Freund anaona chinali nthawi ya CPU osati ma allocation, ndipo regression zambiri zimene inu mudzakumane nazo zidzakhala zolakwika wamba, buffer yokopedwa kawiri kapena decoder yoiwalika kubwezedwa. Koma iye anatha kuona kuti theka la sekondi ndi lachilendo chifukwa ankadziwa nambala ya masiku onse. Ngati pulogalamu yanu imafutukula data ndipo simukudziwa allocs/op yake kapena pachimake pa memori yake, lembani benchmark imodzi sabata ino, ndi fayilo yeniyeni ya ku ntchito kwanu, ndipo musunge zotsatira zake pamodzi ndi code.